Maso a Mfuti Yakale: Kalata Yochokera ku Mpanshya

Mpanshya,
Boma la Rufunsa, Zambia.
Mwezi wa Ogasiti.

Okondedwa Achimwene,

Ndikhulupirira kuti muli bwino kumeneko ku Zomba, pamodzi ndi alamu ndi ana. Mlongo wathu ali bwino ndithu. Anachirira ku chipatala cha mishoni cha St Luke's konkuno ku Mpanshya, ndipo kamwanako ndi kachinyamata konenepa, kotenga mphumi ya malemu bambo. Mphatso zanu ndinapereka, ndipo akuchimuna anathokoza ndi manja awiri. Za m'banjazi tinakambirana kale pa foni. Kalata ino ndi ya nkhani ina, yosatheka kuifotokoza mayunitsi akutha. Ndi nkhani ya mfuti, koma mukafika kumapeto muona kuti ndi nkhani ya agogo athu.

Ulendo unali wautali. Ndinanyamuka ku Lilongwe kusanache, n'kudutsa pachipata cha Mchinji ndi Mwami, ndipo ku Chipata ndinakwera basi yaikulu ya ku Lusaka. Katete, Sinda, Petauke, Nyimba: konseko munthu umamva ngati sunachoke kwanu, pakuti chilankhulo n'chathu chomwechi, kungoti Ansenga amachithira mchere wawo. Kupitirira Kacholola msewu umayamba kutsetsereka mokhotakhota, kutentha n'kumakwera m'mawindo, mpaka pa mlatho wa Luangwa, umene unamangidwa mu 1968 ndipo umalendewera pa zingwe zachitsulo. Kutsidya kwake kuli msika wa nsomba zouma, madengu ndi masau. Ndinagula kambale ka masau, n'kumabwira njira yonse pamene basi inkabuula pokwera mapiri, mpaka ndinatsika pamphambano ya Mpanshya, Lusaka ikadali kutsogolo mtunda woyandikira makilomita 200.

Kuno ndi kwa Asoli, kwa Mfumu Mpanshya. Kale dera lonseli linali pansi pa Chongwe, ndipo Rufunsa inakhala boma palokha m'nthawi ya Pulezidenti Michael Sata. Ndi dziko la mapiri ndi nkhalango za mombo. Kumpoto kuli mtsinje wa Lunsemfwa ndi chigwa cha Luano, kumwera kuli nkhalango yotetezedwa ya Lower Zambezi, ndiye nyama zakutchire kuno si nthano ya kusukulu ayi. Anthu amazidziwa ndi mapazi ake m'munda. Chinyanja amalankhula bwino, koma pamene ife timati "a", iwo amati "ba". Chifikireni dzina langa ndi "ba malume", kuyambira kwa ana mpaka kwa nkhalamba, chifukwa cha kamwana kaja.

Amene ndikufuna muwadziwe ndi apongozi ake a mlongo wathu, bambo awo a mlamu. Ndi mkulu wamtali, wowonda, wosalankhulalankhula. Anagwira ntchito ya usikauti wa nyama zaka zambiri. Anayamba kumapeto kwa zaka za m'ma 1980, pamene boma la Zambia linabweretsa ndondomeko ya ADMADE yoti anthu a m'midzi azisamala nawo nyama za m'dera lawo, ndipo maphunziro anakachitira ku Nyamaluma, m'chigwa cha Luangwa. Anagwiranso ntchito m'masiku a bungwe loona za nyama zakutchire la ZAWA, dzina limene anthu kuno sanalisiye pakamwa, ngakhale kuti kuyambira 2016 ntchitoyo ili m'manja mwa nthambi ya boma ya DNPW. Pano anapuma, akulima chimanga ndi mtedza, ndipo ali ndi ming'oma ya njuchi kuseri kwa phiri.

Tsiku lachitatu, titatha kudya nsima ya mfutso wa nkhwani, umene kuno amati chibwabwa, ndinangotchula kuti agogo athu anali msilikali wa Keyala, kapena kuti King's African Rifles, ndipo anafika ku Burma. Mkuluyu anandiyang'ana nthawi yaitali, kenaka anati bambo awonso anapita komweko, ali m'gulu la Northern Rhodesia Regiment. Anadzuka, n'kulowa m'nyumba. Potuluka koyamba anali ndi pepala lokulunga m'pulasitiki, laisensi ya mfuti, kuti ndiwerenge ndekha. Potuluka kachiwiri ndiye anali ndi mfutiyo, yokulunga m'chibulangete. Asanandipatse anakoka bawuti, anasuzumira m'kati, anapisamo chala, kenaka anachotseratu bawutiyo n'kuiika m'thumba la jekete.

"Ba malume, mfuti sidziwa mlendo," anatero. "Ulemu ayenera kukhala nawo ndi mwini wake."

Achimwene, inali 303, ija akuluakulu amaitchula kuti thiri-noti-thiri. Matabwa ake anachita kuda bii ndi mafuta ndi thukuta la manja a anthu ambiri, ndipo kulemera kwake ndi makilogalamu anayi. Pachitsulo cha m'mbali panalembedwa kuti Long Branch 1943, kusonyeza kuti inapangidwa ku Canada, pafupi ndi mzinda wa Toronto, nkhondo ya Hitler ili m'kati. Iwo anaigula kalekale kwa ogulitsa mfuti ovomerezeka ku Lusaka, itatha ntchito ya usilikali.

Dzina lake lenileni ndi Lee-Enfield. Lee ndi James Paris Lee, amene anatulukira kapangidwe ka bawuti ndi magazini ake, pomwe Enfield ndi malo a ku England kumene kunali fakitale ya boma. Asilikali a Britain anayamba kuinyamula mu 1895. Mtundu umene unatchuka pa nkhondo yoyamba ndi wa 1907, ndipo uwu ndinaugwirawu, wotchedwa No. 4, unalowa ntchito mu 1941. M'magazini mwake mumalowa zipolopolo khumi. Mfuti za banja limeneli ndi zimene ananyamula makolo athu a King's African Rifles, gulu lomwe linakhazikitsidwa mu 1902, komanso anzawo a Northern Rhodesia Regiment, lomwe linaima palokha mu 1933. Kumene anakafika nazo kunalembedwa pa zipata za misasa ya asilikali mpaka lero: Tug Argan ku Ndola, Gondar ku Chipata, Arakan ku Lusaka, Kohima ndi Chindwin ku Kabwe, ndi Moyale yathu ya ku Mzuzu. Onsewa ndi maina a malo a nkhondo ku Somaliland, Ethiopia, malire a Kenya, India ndi Burma. Timawatchula tsiku ndi tsiku ngati maina a masiteji a minibasi, koma kumeneko kunatsala mafupa a abale athu.

Nditaibweza mfuti ija, mkuluyu anati ili ndi matenda pang'ono. Mwezi wathawo inatsetsereka pakhoma pomwe anaitsamiritsa poipukuta, n'kugunda mlomo wake pansi. Kunja sinkaoneka chilema, koma iwo mtima sunali m'malo. "Mfuti ikagwa, usaikhulupirire mpaka utaifunsa," anatero. Ndinafunsa kuti mfuti amaifunsa bwanji. Anayankha ndi liwu limodzi: chandamale. Liwu limeneli timaligwiritsa ntchito m'matchalitchi ndi m'misonkhano, osaganiza kumene linachokera. M'chilankhulo cha Chihindustani, malo ophunzirira kuwombera amatchedwa chandmari, ndipo mukukumbuka kuti asilikali oyamba amene Harry Johnston anabweretsa kwathu mu 1891 anali ochokera ku India, ambiri a iwo Asikh. Tchulani mawu awiriwo motsatizana, khutu lokha likuuzani ubale wake.

Tinapangana Loweruka. Lachisanu madzulo mkuluyu anapita kwa anyakwawa kukanena kuti kukamveka mfuti m'mawa anthu asadzidzimuke, anaimbiranso foni a zanyama, ndipo amayi a m'mudzi anauzidwa kuti nkhuni za tsikulo akatole mbali ina. Tinanyamuka tambala wachiwiri atalira, chifukwa mphepo ya Ogasiti ikadzuka imakankha chipolopolo, ndipo ukhoza kunamizira mfuti mlandu wa mphepo. Malo ake ndi dambo louma, kumapeto kwake kuli chulu chachikulu ngati nyumba, kuseri kwa chulucho kuli phiri. Anyamata awiri anawaimika panjira, kumbuyo kwathu, kuti pasadutse munthu kapena mbuzi. Patsinde pa chulu anakhomapo katoni, pakati pake atajambula bwalo lakuda ndi khala. Mtunda anayeza ndi chingwe cha mayadi 25, kanayi, kukwana mayadi 100, amene ndi mamita 91. Anayala mphasa, n'kuika thumba la mchenga patsogolo pake. Ine anandipatsa thonje loti nditseke m'makutu.

Asanaike chipolopolo chilichonse anachita zinthu ziwiri. Choyamba anayesa zomangira zonse ndi sikuludiraiva, makamaka chachikulu chimene chili kutsogolo kwa magazini. Anati matabwa a mfuti amapuma ngati chitseko: m'dzinja amafufuma, m'chilimwe amauma, ndipo akakhwepa mpope umagwedezeka mosiyana pa kuwomba kulikonse. Chachiwiri anayatsa koloboyi, n'kudutsitsa nsonga ya mfuti pa utsi wake mpaka kachitsulo ka kutsogolo kanada ndi mwaye. Kachitsulo konyezimira, anatero, kamanamiza diso dzuwa likakawomba mbali imodzi.

Kenaka anandigoneka pamphasa, mfuti ilibe bawuti, kuti ndione chimene iwo amaona. Asilikali amati masaiti, koma iwo amati maso a mfuti, ndipo alipo awiri. Lakumbuyo ndi kabowo kozungulira, pafupi ndi diso la munthu. Lakutsogolo ndi kachitsulo kopyapyala koima pa mlomo wa mpope, kotetezedwa ndi makutu awiri achitsulo. Anandiuza kuti ndisayang'ane kabowoko, ndingoyang'ana kudzera m'menemo, chifukwa diso la munthu limadzipezera lokha pakati pa bwalo. Anatinso ndisalimbane ndi kuona katoni bwinobwino. Diso silingaone zapafupi ndi zakutali nthawi imodzi, ndiye chimene chiyenera kuoneka mbee ndi kachitsulo ka kutsogolo, chandamale chizioneka mwachimbuuzi. Ndinayesa. Kachitsuloko kankavina ndi kupuma kwanga, ndipo ngakhale kugunda kwa mtima ndinkakuona pa nsonga yake. Apo ndi pamene ndinadziwa kuti ntchitoyi ndi ya thupi lonse.

Anandionetsanso kuti diso lakumbuyo lili pawiri. Likagona, kabowo kake n'kakakulu ndipo kanaikidwira mayadi 300, kuti msilikali pankhondo asataye nthawi kuwerenga mtunda. Ukalidzutsa limaima ngati kamakwerero, kolembedwa manambala kuyambira 2 mpaka 13, kutanthauza mayadi 200 mpaka 1,300. Chifukwa chake n'chakuti chipolopolo sichiyenda ngati chingwe chokungika. Chimatuluka pa liwiro la mamita pafupifupi 740 pa sekondi, cholemera magalamu 11, koma chingotuluka dziko limayamba kuchikokera pansi. Kuti chikafike kutali chiyenera kuponyedwa mokweza, monga timachitira ndi mwala poponya kutsidya kwa mtsinje wa Likangala. Ndiye mfuti yoikidwira mayadi 300 ukaiwomba pa mayadi 100, chipolopolo chimagwera pamwamba, mwina masentimita 15. Mkuluyu anapukusa mutu pofotokoza za anthu amene amagula mfuti zakalezi, akaona zikugwera pamwamba n'kuthamangira tupa kukapala kachitsulo ka kutsogolo. Kufupikitsa kachitsuloko kumakweza chipolopolo kuposa kale. Chofunika ndi kachitsulo kotalikirapo, ndipo opanga mfuti anakonzeratu tizitsulo ta misinkhu yosiyanasiyana, tolembedwa manambala, tosiyana ndi inchi 0.015. Kusiyana kochepa choncho, kosakwana theka la milimita, kumasuntha chipolopolo pafupifupi masentimita 5 pa mayadi 100.

Tsopano anagona iwo. Anadzutsa kamakwerero kaja, n'kuika pa 2. Dzanja lamanzere analitsamiritsa pathumba la mchenga, mfuti ili m'dzanjamo, osati pathumba penipenipo. Tsaya analikhazika pathabwa, anapuma kawiri, kachitatu anatulutsa mpweya theka n'kuima. Chala sichinakoke ayi, chinafinya pang'onopang'ono ngati wofinya chipatso kuti aone ngati chapsa. Phuu! Phiri linayankha, nkhanga zinabalalika kutsidya kwa dambo. Iwo sanadzutse mutu. Anakhala choncho kamphindi, kenaka n'kukoka bawuti. Anawomba kasanu, mosafulumira, akuchalira malo amodzimodzi, ngakhale kuti sankadziwa kumene zoyamba zagwera.

Atachotsanso bawuti tinapita kukaona. Mabowo onse asanu anali kumanzere kwa bwalo lakuda, chapamwamba pang'ono, oyandikana moti chikhatho chimodzi chinawaphimba. Ine ndinadandaula kuti palibe ndi chimodzi chomwe chalasa pakati. Iwo anamwetulira koyamba tsiku limenelo.

"Izi ndiye nkhani yabwino, ba malume. Zikanabalalika ngati mbuzi zopanda mbusa, mlandu ukanakhala wanga, kapena wa mpope wakutha. Pamenepo maso a mfuti sindikanawakhudza, chifukwa sungawongole chinthu chimene sichinaime malo amodzi. Koma taonani, zagwirizana ngati ana a mimba imodzi. Mboni zisanu zanena chimodzi: ine ndilibe mlandu, mpope ulibe mlandu, diso lakutsogolo ndi limene lasuntha."

Anatenga pensulo, n'kulemba mzere woimirira wosiya mabowo awiri uku awiri uko, winanso wopingasa chimodzimodzi. Pamene mizereyo inakumana ndi pamene anati ndi mtima wa gululo. Kuchokera pamenepo kufika pamzere wa pakati pa bwalo panali masentimita 10.

Lamulo lake, Achimwene, ndi limene linandizunguza mutu poyamba. Diso lakumbuyo umalisunthira kumene ukufuna chipolopolo chipite. Koma lakutsogolo umalisunthira kosemphana. Pa mfuti imeneyi diso lakumbuyo limangokwera ndi kutsika, siliyenda cham'mbali, ndiye kuwongola kumanzere kapena kumanja ndi ntchito ya kachitsulo ka kutsogolo, kamene kanalowetsedwa mothina mu kangalande kopingasa. Popeza zipolopolo zinagwera kumanzere, kachitsuloko kanayenera kupita kumanzere komweko. Ndinati kodi si kuonjezera matenda kumeneko? Iwo anatola ndodo, n'kuiloza pamtengo, n'kukhomerera kaminga pansonga yake. Atasunthira kamingako kumanzere anandiuza kuti ndikabwezere pamtengo paja. Kuti nditero ndinachita kukhotetsera ndodo yonse kumanja. Ndinamva pompo. "Diso lakutsogolo limatsatira olakwa kumene apita," anatero, "kuti likawabweze."

Nanga kusuntha kwake n'kotalika bwanji? Uphunzitsi wanga wa masamu unandithandiza. Pakati pa maso awiriwo pali masentimita 73, ndipo katoni inali pa mamita 91. Ndiye kuti chilichonse chochitika pa mlomo wa mfuti chimakula ka 125 pofika pa chandamale. Masentimita 10 kugawa ndi 125, yankho ndi milimita 0.8. Nditawauza, anangotukula chala chachikulu n'kundionetsa kuchindikala kwa chikhadabo. Iwo anali atafika kale pa yankho lomwelo popanda pepala.

Anamasula makutu achitsulo aja, n'kulemba kamzere ka pensulo kodutsa pa kachitsulo ndi pa tsinde lake, kuti kakasuntha adziwe kuti kasuntha motani. Mlomo wa mfuti anautsamiritsa pa chipika, ine nditagwira thako lake. M'thumba anatulutsa kanyundo kakang'ono ndi kamtengo ka mkuwa kotalika ngati chala. Anati mkuwa ndi wofewa kuposa chitsulo cha mfuti, ndiye umalolera kuphwanyika wokha m'malo movulaza mnzake. Khoo. Anayang'ana kamzere. Khoo. Anayang'ananso. Khoo. Anaika kanyundo pansi. Ine ndi maso angawa sindinaone kusintha mpaka atandilozera ndi kaudzu kuti kamzere kaja kathyoka pang'ono. Ndinakumbuka mawu a akulu akuti kuona maso a nkhono n'kudekha.

Anadikira kuti mpope uzizire, n'kuwomba katatu pa katoni yatsopano. Gulu linayandikira, kutsala ngati zala ziwiri. Kanyundo kanagunda kamodzi kokha, mopepuka kuposa poyamba. Anawombanso katatu, ndipo mabowo atatuwo anakhala pamzere wa pakati ndendende, zala zinayi pamwamba pa mtima wa bwalo. Ndinayembekeza kuti awatsitsa. Anati ayi, mpamalo pake pamenepo, chifukwa diso lili pa mayadi 200 pomwe katoni ili pa 100. Anatola zigoba zonse khumi ndi chimodzi, anaziwerenga kawiri, n'kulemba tsiku ndi chiwerengero m'kabuku kamene amasunga pamodzi ndi laisensi. Nthawi imeneyo mphepo inali itayamba kugwedeza udzu, ndipo ntchito inali itatha.

Pobwerera ndinawafunsa funso limene linkandivuta. Zipolopolo n'zodula, amachita kukazigula ku Lusaka ndi chiphaso, ndipo iwo eni anandiuza kuti papita zaka asanawombe chamoyo. Nanga kuvutikiranji ndi katoni? Anayenda kaye osayankha, kenaka anandiuza za njati. M'masiku awo a usikauti, munthu wina wopha nyama mozemba analasa njati ndi gogodera, chitsulo n'kukhala m'mimba osaipha. Njatiyo inayenda ndi bala masiku angapo, ikuwola ili moyo, mpaka inakabisala m'bango pafupi ndi potunga madzi. Amene anaipeza si mlenje uja ayi. Anali mayi wina, mtsuko uli pamutu. Mkuluyu anali m'gulu limene linatumidwa kukaitsiriza, ndipo analinso m'gulu limene linanyamula mayiyo pamachira.

"Chiyambire tsiku limenelo," anatero, "ndinalumbira kuti mfuti ya m'nyumba mwanga sidzanama. Ngati tsiku lina a boma adzandiitane kuti nguluwe zatha minda, kapena fisi walusa, ndikufuna chipolopolo chimodzi chithe nkhani. Ngati sadzandiitana, ndi bwinonso. Koma kulakwitsa kwanga konse kuthere pa katoni. Pepala likavulala silithamangitsa munthu."

Gogodera, monga mukudziwa, ndi mfuti ya makolo yothira wonga kukamwa. Mpope wake ndi wosalala m'kati, ulibe mizere yopota imene imazunguza chipolopolo cha 303 kuti chiyende mowongoka, ndiye maso ake ndi mapazi a mlenje: ayenera kuyandikira kwambiri. Kuno mfuti zimenezi zili ndi mbiri yaitali. Zinkabwera ndi Achikunda ochokera ku Zambezi, kudzera ku Zumbo ndi ku Feira, kumene lero ndi boma la Luangwa. Akatswiri awo opha njovu ankatchedwa ankumbalume, ndipo chakumapeto kwa zaka za m'ma 1800 atsogoleri ngati Kanyemba ndi Matakenya anasautsa mitundu ya m'zigwa zino pofuna minyanga ndi akapolo. Lero zinthu zikutembenuka. Bungwe la COMACO, limene linayamba mu 2003 m'chigwa cha Luangwa, lakhala likulandira mfuti ndi misampha ya waya kwa alenje amene asankha ulimi, n'kumawagula mpunga, mtedza ndi uchi. Mkuluyu amayamikira zimenezi ndi mtima wonse. Anandiuza kuti tsiku limene maso awo adzalephere kuona kachitsulo ka kutsogolo kaja, adzakulunga mfutiyo m'chibulangete chake n'kukaipereka okha kupolisi. Sakufuna kuti idzatsale kudenga, mdzukulu n'kudzaipeza.

Titafika kunyumba sanakhale pansi. Anapempha madzi owira m'ketulo, n'kuwathira mumpope kudzera pa kafanulo, mlomo wa mfuti utaloza pansi. Zipolopolo zakale za usilikali zimasiya mchere mumpope, ndipo mchere umaitana chinyezi ndi dzimbiri. Mafuta sausungunula, koma madzi. Ngakhale zipolopolo za masiku ano zambiri zilibe vutolo, iwo mwambowo sanausiye, chifukwa anauphunzira kwa bambo awo. Chitsulo chitauma ndi kutentha kwake komwe, anakokamo kansalu ka mafuta ndi chingwe, n'kuyang'anitsa mpope kudzuwa kuti ndione mizere ija ikunyezimira. Mfuti anaitsekera kwina, bawuti kwina, zipolopolo kwinanso.

Usiku umenewo tulo sitinabwere, Achimwene. Ndinkaganiza za agogo. Mukukumbuka mmene tinkawaumirizira kuti atiuze za nkhondo? Tinkafuna kumva kuti anapha angati. Iwo ankatiuza za sitima ya pamadzi, za mvula ya ku Burma yosakata, za misundu yoyamwa magazi m'miyendo, ndipo tikawapanikiza ankabwerera ku nkhani imodzimodzi: tsiku limene anapambana pa chandamale ku Zomba, asananyamuke. Ankaifotokoza mwatsatanetsatane, mmene anagonera, mmene anapumira, mmene mbendera ya mphepo inkaulukira. Ife tinkatopa nayo, n'kumati agogo akutibisira zokoma. Mukukumbukanso mmene ankatiletsera kulasa mbalame ndi legeni mpaka titagwetsa chitini katatu motsatizana? Ankati ukaphonya usasinthe msanga, ponya katatu malo amodzi kuti udziwe ngati wolakwa ndiwe kapena mphira. Ndi mawu omwewo amene ndawamva kuno, mtunda wa masiku awiri kuchokera kwathu, pakamwa pa mwana wa msilikali mnzawo.

Tsopano ndikuganiza kuti ndawamvetsa. Pa zonse zimene agogo anachita ndi mfuti ija, chandamale chokha ndi chimene akanatha kuuza adzukulu popanda kutsitsa maso. Pamenepo pokha ndi pamene luso lawo linaonekera popanda mayi wa munthu kulira maliro. Zinazo anazisenza okha mpaka kumanda, ndipo kutibisira kumeneko kunali kutikonda.

Ndili ndi pempho. Mukapeza mpata, tsegulani sutikesi yachitsulo ya agogo imene ili kwa azakhali, muone ngati mamendulo ndi kabuku kawo ka usilikali zikadali bwino, njenjete zisanathe mapepala. Mwezi wa Novembala, pa tsiku lokumbukira asilikali, ndikufuna tidzatenge ana athu onse tidzapite nawo pa nsanja ya chikumbutso ya Keyala ku Zomba konko, tidzawawerengere maina ali pamenepo. Mkulu wa kuno wandipatsa katoni yomaliza ija, ya mabowo atatu, ataisayina kumbuyo ndi pensulo yomwe ija. Anati ndikaiike pamodzi ndi mamendulo a mnzawo wa bambo awo, ngakhale awiriwo mwina sanaonanepo. Ndaipinda bwino, ili pansi pa chikwama, pamodzi ndi botolo la uchi limene atumizira alamu.

Ndinyamuka Lachinayi, Mulungu akalola, ndipo ndidzagona ku Chipata. Mupereke moni kwa azakhali ndi onse a pakhomo. Mlongo wathu akuti mubwere mudzamuone mwanayu asanayambe kukwawa.

Ndine mng'ono wanu wokukondani.